Makina Otchetchera a Apongozi

Kalumo anali wometa, ndipo pa ntchito yakeyo panalibe womupezera chifukwa. Dzina lake lenileni ankalidziwa ndi mayi ake okha. Msewu wonse, kuyambira ana a sukulu mpaka madoda a imvi, unkangomutchula kuti Kalumo. Kachipinda kake kometeramo kanali ndi mipando iwiri, kalilole wamkulu wong'aluka pakona, benchi la odikira, ndi wailesi imene inkadzilankhulira yokha tsiku lonse, pakuti nkhani za a pabenchi zinkaposa za pa wailesi. Munthuyu anali ndi lamulo limodzi limene sankaliphwanya ngakhale mzere utatulukira panja: chitsulo sichikhudza mutu wa munthu chisanatsukidwe. Akamaliza kumeta wina, ankagadabuza mashini ake, kuwasesa ndi kaburashi, kuwawaza sipiriti, kudonthezera mafuta m'mano mwake, ndiyeno n'kuitana wotsatira. Odikira akamanyinyirika, iye ankangomwetulira n'kupitiriza kupukuta.

Chaka chimene tikunenachi, Kalumo ndi mkazi wake, yemwe anali telala wosokera pakhomo, anasamukira m'nyumba yokhala ndi bwalo la kapinga kumaso kwake. Poyamba ananyadira bwalolo. Koma mvula itayamba, kapingayo anakula ngati pali amene akumulipira, mpaka njira yopita pachingwe choyanikira zovala inasowa.

"Mitu yonse ya mumsewu uno mumaisalaza ndinu," anatero mkazi wake m'mawa wina akukutumula mame pa siketi, "koma pakhomo panu pakuoneka kuti pamakhala munthu wodana ndi lumo. Makasitomala anga ayamba kufunsa ngati tikuweta njoka."

Kalumo analonjeza kuti aona chochita. Chochitacho chinabwera chokha, ndipo chinabwera ndi apongozi ake aamuna.

Madalawo anali dalaivala wa malole akuluakulu amene anapuma ntchito, munthu wa mawu ochepa ndi manja okhakhala. Pa zinthu zonse zimene anali nazo, chimene ankachikonda kwambiri chinali makina otchetchera kapinga, ofiira, a injini ya petulo, akale ndithu koma opukutidwa mpaka kuwala. Ankawatchula kuti Mzime, kunena mwana wawo wotsiriza, ndipo banja lonse linazolowera kunena za makinawo ngati za munthu. Mzime sankabwerekedwa. Oyandikana nawo anayesa, analephera. Ana awo aamuna obereka okha anayesa, anauzidwa kuti akagule awo.

Pakati pa apongoziwo ndi Kalumo panalibe mkangano, koma panali kaminga. Tsiku loyamba limene mkazi wake anamutengera kwawo, asanakwatirane, madalawo anamupatsa moni wa padzanja n'kuchedwa kulisiya dzanjalo. Analitembenuza, kuona kusalala kwake ndi zikhadabo zoyera, kenako anafunsa ngati amatha kusintha tayala. Kalumo anayankha chilungamo chake kuti galimoto sanakhalepo nayo. "Oo," anatero madalawo. Sanawonjezere kanthu, ndipo mwina anaiwala tsiku lomwelo, koma Kalumo "oo" ameneyo anayenda naye zaka zonse za ukwati wake. Ankalakalaka tsiku limene apongozi ake adzamuwerengere m'gulu la amuna odziwa kugwira chitsulo.

Ndiye taganizani mmene mtima wake unadumphira pamene madalawo, atabwera kudzacheza Lamlungu lina, anaima pakhonde manja ali kumbuyo, kuyang'ana thengo lija, n'kunena kuti, "Mawa ndikubweretserani Mzime. Mukhale naye mlungu uno, ndidzamutenga Lamlungu likubwerali." Mkazi wa Kalumo anawafunsa bambo ake ngati akumva bwino m'thupi. Kalumo anathokoza mpaka malovu kuuma.

M'mawa mwake Mzime anafika pa kagalimoto ka madalawo, atafunditsidwa bulangete. Mwini wake anamuonetsa mkamwini zonse pang'onopang'ono: potsegulira petulo, kamphira kofinya kuti petuloyo akwere, chogwirira chimene uyenera kuchipanikiza, ndi chingwe chokoka. Anakoka kamodzi, injini inalira mosalala, n'kuizimitsa.

"Wakalamba ameneyu, ali ndi timakhalidwe take," anatero madalawo akusisita thanki. "Akakuvutani musalimbane naye. Foni ilipo, ine ndimangokhala."

"Sangavute, bambo. Musadere nkhawa."

Madalawo anachedwa pang'ono pageti, ngati munthu amene waiwala chipewa, kenako anapita.

Tsikulo linali Lolemba, ndipo Lolemba Kalumo sankatsegula kuntchito. Anavula malaya, kutsala ndi vesiti, n'kukankhira Mzime pakati pa bwalo. Akanakoka chingwe pomwepo, nkhani ino sikanakhalapo. Koma wometa ndi wometa. Anawerama kusuzumira kunsi kwa makinawo, ndipo zimene anaona zinamuimika tsitsi: udzu wakale unali utamatirira n'kuumira pomwepo, mpeni unali wobuntha, m'mphepete muli dzimbiri. Kunja madalawo ankapukuta ndithu, koma kunsi msana wawo sunkawalolanso kufika. Kalumo anaona kuti mwayi wake ndi umenewu. Adzabweza makina oyera kuposa mmene anabwerera, mpeni uli ngati lumo, ndipo madalawo akadzasuzumira kunsi adzadziwa kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu.

Anagoneka Mzime cham'mbali, monga ankachitira ndi mashini ometera. Mbali imene inapita pansi ndi imene inali ndi kabokosi kakuda ka pulasitiki, poti potero mpeni unayang'ana kowala. Anapala, anakwecha, ananola mpeniwo ndi tupa mpaka unkameta cheya cha pamkono, n'kuupaka mafuta. Ali mkati, kunabwera mnansi wina amene ankapita kukayesedwa ntchito masana ake, kudzapempha kuti amukonze ndevu, ndipo Kalumo anamumetera pakhonde. Kenako mkazi wake anaitana kuti chakudya chapsa. Nthawi yonseyi Mzime anali chigonere padzuwa.

Chimene Kalumo sankadziwa n'chakuti mashini ometera alibe mimba, koma makina otchetchera ali nayo, ndipo m'mimbamo muli oyilo. Kabokosi kakuda kaja ndi mphuno ya injini. Mkati mwake muli siponji yosefa mpweya. Ukagoneka makinawo mbali imeneyo, oyilo amatsetsereka pang'onopang'ono n'kukanyowetsa siponjiyo, wina n'kukafika pa pulagi, kachitsulo kamene kamatulutsa moto woyatsa petulo. Injini yotsekedwa mphuno, yonyowa potulukira moto, ungaikoke mpaka dzuwa kulowa, singalire.

Atakhuta, Kalumo anadzutsa makina aja n'kuchita zonse mwa dongosolo limene anaphunzitsidwa. Anakoka chingwe. Mzime anatsokomola. Anakokanso, anatsokomolanso, n'kutulutsa utsi woyera wonunkha, basi n'kukhala chete. Kuyambira pamenepo chingwe chinkangobwera ndi kubwerera, injini osayankha. Kalumo anakoka ndi dzanja lamanja, anakoka ndi lamanzere, anakoka ataponda tayala, anakoka akunyengerera, anakoka akutukwana chamumtima. Thukuta linamutsikira m'maso.

Mkazi wake anasuzumira pawindo, tepi yoyezera ili m'khosi. "Bwanji, mlamu wanuyo wakana ntchito?"

"Akungozolowera malo."

"Imbirani ababa. Si anati foni ilipo?"

"Ndiwaimbire ndiwauze chiyani? Kuti dzuwa lisanalowe n'komwe ndawaphera mwana?"

"Sanafe, wangokomoka. Ababa angokuuzani pomutsina."

Kalumo anayandikira pawindo n'kutsitsa mawu. "Mayi, chonde. Alamu anga onse anakanizidwa makina amenewa, ine ndekha ndapatsidwa. Ndikaimba lero, ndiye kuti ndavomera kuti manja anga ndi a sopo basi. Ndikonza ndekha. Inu musawauze kanthu."

Mkaziyo anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu, ali pakati pa kuseka ndi chisoni. "Chabwino, pakamwa ndasoka. Koma dziwani kuti ndasoka ndi ulusi wongogwirizira, suchedwa kuduka."

Munthu wamanyazi ndi wodabwitsa. Amaopa khutu limodzi loyenera, koma nkhani yake n'kuimwaza m'makutu ambirimbiri osayenera. M'mawa mwake Kalumo anaitengera nkhaniyo kuntchito ataiveka malaya a eni. "Pali mnzanga wina," anayamba motero akumanga nsalu m'khosi mwa dalaivala wa takisi amene ankameta kwa iye kawirikawiri, "ali ndi makina otchetchera kapinga, ndiye akukana kulira." Zoti makinawo anagonekedwa sanazitchule. M'mutu mwake kutsuka chinthu sikungakhale kulakwa, ndiponso kumtima kunali kamawu kena kamene sankafuna kukamvera.

M'chipinda chometera mulibe matenda osowa dokotala. Dalaivala wa takisi, mutu uli wometedwa theka, anagamula nthawi yomweyo.

"Petulo wogonera ameneyo. Ngati si petulo, ndi pulagi. Palibenso china."

"Anthu a matakisi mumadziwa hutala yokha," anatero mwini butchala wa pafupi, amene ankadikira pabenchi. "Ndi kabuleta imeneyo, paja pamasakanikirana petulo ndi mpweya. Kumasula, kuuzira, kubwezera, yatha nkhani. Malemu amalume anga anali ndi njinga yamoto."

"Njinga ya amalume anuyo tonse tinaikankhapo," anayankha dalaivala uja.

Mkangano unakula mpaka wailesi inachita kuzimitsidwa. Potuluka, dalaivala uja anatsinzina diso limodzi n'kunena kuti, "Mukamuuze mnzanuyo azithowa phewa ndi madzi otentha. Ndaona akulephera kukweza mkono."

Madzulo ake Kalumo anakhuthula petulo yense wa apongozi, yemwe analibe mlandu uliwonse, n'kuthira watsopano. Mzime sanasinthe maganizo.

Pakati pa mlungu foni inalira ali pa chakudya cham'mawa. Anali apongozi. Mkazi wake anaikankhira kwa iye.

"Mkamwini, mwadzuka bwanji kumeneko? Mzime sakukuvutitsani?"

Apa ndiye panali pokhotera, ndipo msewu wake unali wotakasuka. Kalumo anayang'ana pawindo thengo lija, n'kuyankha kuti, "Ayi bambo, ali bwinobwino. Akugwira ntchito yotamandika."

"Oo. Chabwino. Ndimati mwina... Chabwino, tionana Lamlungu."

Ataika foni pansi, mkazi wake anamuthirira tiyi mosamala kwambiri. "Poyamba munali ndi makina odwala," anatero. "Tsopano muli ndi makina odwala ndi bodza lathanzi."

Bodza limafuna kulidyetsa. Tsopano Kalumo anayenera kuonetsetsa kuti zimene ananenazo zisanduke zoona lisanafike Lamlungu. Anamasula pulagi, n'kuipeza yakuda bii, yonyowa ndi oyilo. Munthu wodekha akanadzifunsa kuti oyiloyo wafika bwanji pamenepo. Iye anaikulunga m'pepala n'kupita nayo kwa dalaivala wa takisi, amene anaiyang'ana pang'ono chabe n'kulengeza kuti yafa. Anatsegula kabokosi ka m'galimoto mwake n'kumupatsa ina.

"Pulagi ndi pulagi, achimwene. Iyi inayendetsa galimoto yathunthu, ingalephere kangolo kodya udzu?"

Pulagi ya galimoto ija sinafune kulowa. Pabowo pamene pulagi imamangidwa pali mazinga, timizere tozungulira timene imayendamo, ndipo a pa makina ang'onoang'ono ngati amenewa ndi ofewa. Ndi zala inakana. Kalumo, amene pa mutu wa munthu dzanja lake silinkamveka n'komwe, anatenga sipanala n'kuikakamiza ili yopendekeka. Inalimba, inalimba, kenako mwadzidzidzi inafewa n'kumangozungulira. Iye anasangalala, kuyesa kuti yavomera. Sanadziwe kuti wadya mazinga onse.

Injini sinalire, ndipo tsopano pokoka chingwe pankamveka kamluzu ka mpweya wothawa. Kunatsala mankhwala a mwini butchala. Loweruka anatseka kuntchito dzuwa likadalipo, n'kufikira kuyala thaulo loyera la kometera pa udzu. Mkazi wake anatuluka ndi diresi la kasitomala m'manja, mapini ali pakamwa, n'kuima pakhonde.

"Bambo, nsalu ukaidula molakwa kamodzi, umaima. Sumapitiriza kudula kuti mwina ilungama."

"Apa ndiye pomaliza, mayi. Mawa mudzuka ndi phokoso la injini."

"Ine ndingodzuka ndi phokoso la ababa."

Kalumo anamasula kabuleta. Tizitsulo tonse anatindandalika bwinobwino monga ankachitira ndi masizasi ndi zipeso, ndipo kunena zoona, thaulo lija linkaoneka mochititsa kaso. Anauzira kabowo kalikonse. Pobwezera, kasipuling'i kena, kawaya kopotana kochepa ngati njere ya mpunga, kanamupulumuka m'zala, kanadumpha, n'kukagwera m'kapinga yemwe uja anabwerekera makina kuti amutchetche. Anakafufuza mpaka mdima unamuthamangitsa.

Apongozi anali atanena kuti Lamlungu adzabwera masana, koma masana a dalaivala wakale amayamba dzuwa likangotuluka. Kagalimoto kaja kataima pageti, Kalumo sanakamve. Anali chogwada pakati pa bwalo, thalauza itanyowa ndi mame, dzanja lina lili ndi chipeso chachikulu cha kuntchito, lina maginito amene mkazi wake ankatolera mapini. Ankapesa kapinga mzere ndi mzere, mwaluso lake lonse, n'kumayendetsa maginitowo m'munsi. Atadzutsa mutu anaona nsapato zopolishidwa, ndipo nsapatozo ankazidziwa.

Madalawo anayang'ana udzu wosatchetchedwa, anayang'ana thaulo, anayang'ana Mzime ali chitsegulire. Kenako anayang'ana chipeso.

"Mwadzuka bwanji, mkamwini? Kodi masiku ano udzu mumayamba mwaupesa?"

Mkazi wa Kalumo, amene anali ataima pakhonde, analowa m'nyumba msangamsanga atagwira pakamwa. Kalumo anaimirira. Anafunafuna mawu, koma onse anali atathawa, kunatsala oona okhaokha. Anafotokoza zonse: petulo, pulagi ya takisi, kabuleta, kasipuling'i, ndi bodza la pa foni. Madalawo ankamvetsera akugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Zonsezi mwachita atakana kale kulira. Ine ndikufuna chimene munachita asanakane."

"Palibe, bambo. Ndinangomutsuka kunsi."

"Munamugoneka?"

"Ee."

"Mbali iti?"

Kalumo analoza. Madalawo anawerama akubuula pang'ono chifukwa cha msana, kutsegula kabokosi kakuda kaja ndi chala chimodzi, n'kutulutsa siponji. Anaifinya, ndipo oyilo anachucha m'zala zawo mpaka kudonthera pa thaulo loyera.

"Matenda onse ndi awa," anatero. "Ameneyu ukafuna kumusuzumira kunsi, umamupendeketsa mphunoyi ili kumwamba. Mukanachapa siponjiyi ndi sopo n'kuiyanika, kupukuta pulagi yake yomwe ija, kukoka chingwe kangapo pulagiyo isanabwezedwe kuti alavule oyilo, akanalira. Akanafuka utsi pang'ono n'kusiya. Lolemba lomwe lija bwaloli likanagona lometedwa."

Anasuzumira kunsi, kuyesa mpeni ndi chala chachikulu, ndipo nsidze zawo zinakwera. "Kunolaku ndiye mwanola. Chimugulireni sanakhalepo wakuthwa chonchi." Mtima wa Kalumo unayamba kudzuka. Koma pomwepo dzanja la madalawo linafika pa pulagi ya takisi ija. Anaigwedeza, inagwedezeka. Anaikoka, inatuluka yokha popanda sipanala, tinyenyeswa ta chitsulo tili mbee m'mazinga mwake. Madalawo anaitembenuza m'manja.

"Apa ndiye mwamupweteka. Izi si za pakhomo. Afunika kwa makaniko, akatsegule mutu wa injini, akadule mazinga ena."

"Bambo, ndalakwa kwambiri. Ndinkachita manyazi. Ndinkafuna muone kuti nanenso chitsulo ndimachitha."

Madalawo anakhala pa sitepe ya khonde n'kuyamba kupukuta manja ndi kansalu ka m'thumba, chala chimodzichimodzi.

"Makina amakonzedwa, mkamwini, amenewo asakudetseni nkhawa. Koma mwati munafunsa wa takisi, munafunsa wa butchala, ndi onse a pabenchi panu. Ine mlungu wathunthu foni ili m'thumba la malaya. Mayi anu afika pondiseka, akuti ndikuidikira ngati mnyamata wofunsira. Chikwama cha masipanala ndinachiika pafupi ndi chitseko nditangofika kunyumba tsiku lija, poti Mzime ndimamudziwa, sakanatha mlungu osachita mwano. Ndinati mkamwini akaimba ndipita, tikakhala pansi awiri, manja m'girisi, ticheze." Anapinda kansalu kaja n'kukabwezera m'thumba. "Chipumireni pa ntchito, palibe amene amandifunsa kanthu. Ana anga amafunsa mafoni awo. Inu ndinkati mwina."

Mlungu wonse Kalumo ankayesa kuti akulemba mayeso, osadziwa kuti anaitanidwa kukacheza. Za makina anaziiwala; chinamupweteka n'chakuti munthu wamkulu anakhala pafupi ndi chitseko ndi chikwama chake, iye n'kumuuza kuti zonse zili bwinobwino. Manyazi amene ankawathawa Lolemba akanakhala a kanthawi kochepa, a anthu awiri okha. Amene anawapeza Lamlungu anali aakulu, ndipo anapweteka nawo munthu wina.

Mkazi wake anatuluka ndi tiyi pa thireyi, maso akadali onyowa ndi kuseka, ndipo ataona nkhope za awiriwo anaika thireyiyo pansi mwakachetechete. "Ababa, ine anandisoketsa pakamwa," anatero. "Mlandu wanga ndi womvera mwamuna."

"Iwe ndidzakuweruza padera," anayankha bambo ake, ndipo nkhope yawo inayamba kumasuka.

Atamwa tiyi, anasonkhanitsa tizitsulo m'thaulo muja n'kulimanga phukusi. Kasipuling'i kaja sikanapezeke, ndipo kali momwemo mpaka lero. Ananyamula Mzime awiri, mphuno ili kumwamba, n'kumukweza pa galimoto. Madalawo anasolola chikwakwa chakale chimene chinkakhala kumbuyo kwa mpando n'kumupatsa mkamwini wawo.

"Ichi chilibe kabuleta. Muzichigoneka mbali iliyonse imene mwafuna." Anatsegula chitseko cha galimoto, kenako anatembenuka. "Mzime akachira azibwera kuno udzu ukakula. Koma azibwera ndi ine, azibwereranso ndi ine. Kugona kuno yekha ndiye ayi."

Kalumo anavomera, pakuti panalibe chotsutsa. Ulemu umene alamu ake onse anaulephera, iye anaugwira m'manja mlungu umodzi n'kuutaya yekha. Anaima pageti ndi chikwakwa chija, galimoto italira kale, kenako anagogoda pagalasi.

"Bambo, kwa makaniko mupita liti? Ndimati mwina ndipite nanu, ndikaone mmene amadulira mazingawo. Ndiponso za siponji zija mundionetse ndi manja, ndisangomva ndi makutu."

Madalawo anayang'ana kutsogolo, koma kumwetulira sanathe kukubisa. "Mawa simutsegula kuntchito, eti? Ndidzakutengani m'mawa. Muvale zoti zide."

Bwalo lonse Kalumo analitchetcha ndi chikwakwa, atawerama, dzuwa likumuwotcha pamsana, ndipo mlungu wotsatira anthu ometedwa ankadandaula kuti dzanja lake lili ndi matuza, likukanda m'khosi. Dalaivala wa takisi anafunsa za mnzake uja wa makina. Kalumo anayankha kuti mnzakeyo anali chitsiru, ndipo benchi lonse linavomereza mosangalala.

Akanatsegula pakamwa tsiku loyamba, mlandu wake ukanakhala siponji yonyowa basi. Iye anasankha kukhala phee m'dzenje ndi manyazi ake, utsi ukulowa, mpaka makina anavulala ndipo apongozi anadikira pachabe. Akuluakulu sanalakwe pamene anati mbewa ya manyazi idafera kuuna.